Kupinda Lilime la Mkuwa

Chida chilichonse choimbira chimabadwa ndi chiyankhulo cha kwawo. Amene anachipanga anali ndi nyimbo zawo m'mutu, ndipo anachipatsa mawu okwanira nyimbo zimenezo basi. Chikapita kuchilendo chimakhala ngati munthu wongofika kumene, amene mawu ena amamukanika kutchula ndipo ena sawamva n'komwe. M'nkhani ino ndikufuna kukamba za hamonika, limba laling'ono la pakamwa lija, ndi momwe anthu akhala akuisinthira kuti ithe kuimba nyimbo za makolo za ku China. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa hamonika ndimaiimba. Komanso monga wophunzira ziyankhulo, ndaona kuti funso limene lili pamenepa ndi lomwe lija timalimbana nalo m'kalasi pa nkhani ya mawu obwereka: chinthu chobwera chikakumana ndi eni mudzi, woyenera kugonja ndani?

Tiyambe ndi momwe chidachi chimagwirira ntchito. Mukachotsa zivundikiro za hamonika mupeza timalilime ta mkuwa, topyapyala ngati tsamba la udzu. Kalilime kalikonse kamakhomedwa kumbali imodzi, ndipo mbali inayo imatsala yomasuka pamwamba pa kampata kofanana nako msinkhu. Mpweya ukadutsa, kalilimeko kamanjenjemera, kulowa ndi kutuluka m'kampata kaja, ndipo kunjenjemerako ndiko kumatulutsa mawu. Kalilime kakatali ndi kolemera kamalira mawu otsika, kakafupi ndi kopepuka kamalira mawu okwera. Pa hamonika ya mabowo 10, bowo lililonse lili ndi timalilime tiwiri. Kamodzi kamalira munthu akauzira mpweya, kenako kamalira akaukoka.

Chodabwitsa n'chakuti nzeru ya kalilime kotere ndi yakale kwambiri ku China kuposa ku Ulaya. Anthu a ku China ali ndi chida chotchedwa sheng, chimene ndi mtolo wa timapaipi ta nsungwi tozikidwa m'kachikho, ndipo kapaipi kalikonse kolira kali ndi kalilime kake kumunsi. Sheng imalira pouzira ndi pokoka pomwe. Mu 1978, pofukula manda a wolamulira wina wa dera la Zeng, dzina lake Yi, m'chigawo cha Hubei, akatswiri anapezamo zida za mtunduwu. Mandawo ndi a cha m'ma 433 Yesu asanabadwe. M'zaka za m'ma 1770, wansembe wa ku France wokhala ku Beijing, Joseph Amiot, anatumiza sheng ku Paris ndipo analemba buku lofotokoza maimbidwe a ku China. Mu 1780, katswiri wa sayansi Christian Kratzenstein anapata mphotho ku St Petersburg chifukwa cha makina ake a timalilime totere, amene ankatsanzira mavawelo asanu: a, e, i, o, u. Hamonika inayamba kuoneka m'maiko oyankhula Chijeremani m'zaka za m'ma 1820, ndipo mu 1857 Matthias Hohner anatsegula fakitale yake ku Trossingen, imene inadzafalitsa chidachi padziko lonse.

Choncho hamonika itafika ku China inali ngati mdzukulu wobadwira kutali amene wabwera kudzaona kwawo kwa agogo. Nkhope ndi ya pamtundu, koma chiyankhulo ndi china.

Vuto loyamba ndi la mawu osowa. Ife amene tinakulira m'makwaya timadziwa makwerero a do, re, mi, fa, so, la, ti. Nyimbo zambiri za makolo za ku China zimayenda pa mawu asanu okha, amene eni ake amawatcha gong, shang, jue, zhi ndi yu, ndipo amafanana ndi do, re, mi, so ndi la. Munthu angaganize kuti chida cha mawu asanu ndi awiri sichingavutike ndi nyimbo ya mawu asanu. Koma hamonika ya mabowo 10 inayalidwa motsata dongosolo lotchedwa Richter, lomwe linapangidwira nyimbo zovina ndi zoguba za ku Ulaya. M'mabowo atatu oyambirira, kumene kuli mawu otsika, mukauzira mumapeza do, mi, so, ndipo mukakoka mumapeza re, so, ti. Anachita dala kuika so kawiri, n'kusiya fa ndi la, kuti woimba akaphimba mabowo angapo nthawi imodzi amve mawu ogwirizana operekezera nyimbo. Kwa Mjeremani wovina, kusowa kwa la wotsika sikunali nkhani. Koma nyimbo zambiri za ku China zimakhazikika pa la ameneyu. Ndi pamene nyimbo imapumira, ndipo ndi pamene imathera.

Ine vutoli ndinakumana nalo chaka changa chachiwiri, titayamba maphunziro a Chitchaina. Aphunzitsi athu ankakonda kutiphunzitsa mawu atsopano kudzera m'nyimbo, ndipo tsiku lina anatipatsa pepala la nyimbo ya chikondi ya ku Sichuan yotchedwa Kangding Qingge. Pamwamba pa mawu a nyimboyo panali manambala kuyambira 1 mpaka 7. Umenewu ndi mlembedwe wotchedwa jianpu, momwe 1 ndi do, 2 ndi re, kumapita choncho, ndipo kadontho kakakhala pansi pa nambala ndiye kuti mawuwo ndi a m'munsi. Kwa ine, mwana wa kwaya, kuwerenga sikunavute. Madzulo ndinatenga hamonika yanga n'kuyamba kuitsata nyimboyo. Zonse zinkayenda bwino mpaka pofika pa 6 wa kadontho pansi. Pamenepo panalibe bowo. Ndikanatha kuikweza nyimbo yonse n'kuiimbira kumabowo a kumtunda, kumene la alipo, koma kumeneko hamonika imalira mokuwa ngati mwanapiye, pamene nyimboyo imafuna mawu a m'chifuwa.

Pa tchuthi ndinapita nayo kwa amalume anga, amene amakonza mawotchi ndi mawailesi pakhonde la sitolo ina pamsika wa kwathu. Ndinali nditawerenga kuti kalilime kakapalidwa kunsonga kamapepuka ndipo mawu ake amakwera, koma kakapalidwa kutsinde kamafewa ndipo mawu ake amatsika. Ndinawafotokozera kuti ndikufuna so wouzira wa bowo lachitatu akwere n'kukhala la, poti so wina alipo kale pabowo lachiwiri. Iwo anaiyang'ana hamonikayo nthawi yaitali, kenako anati, "Mphwanga, tikachotsa chitsulo sitingachibwezerenso. Watsimikiza?" Ndinati, "Ndatsimikiza, malume." Analowetsa lezala pansi pa kalilimeko kuti kasapindike, natenga tupa yawo yaing'ono ya mawotchi. Ankapala kawiri kapena katatu, ine n'kuuzira, tonse n'kumvetsera, iwo n'kupalanso. Tinatha pafupifupi ola lathunthu pa kachitsulo kosakwana chikhadabo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomaliza la anamveka, ndipo nyimbo ya ku Sichuan inapeza pokhala.

Nzeru imeneyi si yanga ayi. Woimba wa ku New Zealand, Brendan Power, ndiye anaitchukitsa pofuna kuimba nyimbo za ku Ireland, zimenenso zimafuna la wotsika yemweyo, ndipo anaitcha Paddy Richter. Ngakhale opanga sheng amadziwa kalekale kuti kulemera kwa nsonga ndiko kumalamula mawu, pakuti iwo amadontheza phula pa kalilime pofuna kukatsitsa. Zimenezi sizingamudabwitse munthu amene anaonapo woimba ng'oma kwathu kuno akumata phula pakati pa chikopa kuti ng'oma ilire mozama.

Anthu a kum'mawa kwa Asia anathana ndi vuto la mawu osowa m'njira yawoyawo zaka zambiri zapitazo. Iwo anakonda mtundu wina wa hamonika wotchedwa tremolo, umene uli ndi mizere iwiri ya mabowo. Liwu lililonse limalizidwa ndi timalilime tiwiri tosiyana pang'ono chabe, kotero kuti mawu amatuluka akunthunthumira mokoma. Ku Japan, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, oimba monga Kawaguchi Shogo anasintha kayalidwe ka mawu kuti makwerero akhale athunthu ngakhale kumunsi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, Wang Qingxun anakhazikitsa bungwe la oimba hamonika ku Shanghai, ndipo Shi Renwang anakhazikitsanso lake mumzinda womwewo. Shi Renwang anakonza nyimbo za makolo, monga Fengyang Huagu, kuti ziziimbidwa pa hamonika. Mafakitale a ku Shanghai anayamba kupanga zidazi, ndipo dzina la Guoguang linadziwika kwa mibadwo ingapo ya ana a sukulu. Hamonika ya mabowo 24 inali yotsika mtengo, yokwana m'thumba, ndipo munthu wodziwa manambala a jianpu ankatha kuiphunzira popanda mphunzitsi. Oimba aluso ankagwira mahamonika awiri kapena atatu mosanjikiza kuti apeze mawu onse, ndipo ankatseka ndi kutsegula mabowo ndi lilime lawo kuti adziperekeze okha.

Apa munthu akhoza kunena kuti nkhani yatha, poti mawu onse apezeka. Koma nditaiimba Kangding Qingge pamaso pa aphunzitsi athu, iwo anamwetulira nati nyimboyo ndi yomweyo ndithu, kungoti ikumveka ngati mlendo woyankhula Chitchaina. Ndinawamvetsa msanga, chifukwa ndi zomwe ankatiuza tsiku ndi tsiku pa katchulidwe kathu.

M'Chichewa timadziwa kuti kukweza kapena kutsitsa mawu kumasintha tanthauzo. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika amalembedwa mofanana koma satchulidwa mofanana. Chimodzimodzinso khungu la pathupi ndi khungu la maso. Komabe ife kwenikweni tili ndi malo awiri, pamwamba ndi pansi, ndipo phatikizo lililonse limaponda pamodzi mwa malo amenewa. Chitchaina cha Mandarin chili ndi mitundu inayi, ndipo itatu mwa iyo imayenda mkati mwa phatikizo limodzi. Phatikizo loti ma likatchulidwa mokwera mosasintha limatanthauza mayi. Likayambira pakati n'kukwera limatanthauza chomera china cha luzi. Likatsika n'kudzukanso limatanthauza hatchi, ndipo likagwa kuchokera pamwamba limatanthauza kukalipira. Tanthauzo lili mu ulendo wa mawuwo. Anthu amene makutu awo anakulira m'chiyankhulo chotere sakhutira ndi liwu longoima chilili. Poimba amalifikira liwu kuchokera pansi, amalitsetsereka polisiya, amaligwedeza likatalika.

Chida chimene chimaonetsa bwino zimenezi ndi erhu, zeze wa zingwe ziwiri wokhala ndi kang'oma ka chikopa cha nsato, amene uta wake umadutsa pakati pa zingwezo. Zingwe za erhu sizitsamira pa thabwa. Chala chimangoyenda pa chingwe m'malere, motero woimba amatha kutsetsereka kuchoka pa liwu lina kufika pa lina osadumpha kalikonse. Mu 1950, katswiri wa nyimbo Yang Yinliu anapita ku Wuxi kukajambula woimba wakhungu wa m'misewu, Hua Yanjun, wodziwika ndi dzina loti Abing. Abing anamwalira chaka chomwecho, koma nyimbo yake Erquan Yingyue inatsala. Nthawi yoyamba imene ndinaimvera ndinazindikira kuti mutailemba m'manambala n'kuiimba pa limba la kutchalitchi, mungapeze mafupa okhaokha. Chisoni chake chonse chili m'malo amene alibe nambala, pakati pa liwu ndi liwu linzake.

Pamenepa hamonika ya tremolo imalephera. Kalilime kalikonse kali m'chipinda chakechake, ndipo mawu ake amatuluka olunjika ngati a limba. Hamonika ya chromatic, ija ili ndi batani pambali lokwezera mawu ndi theka, ili ndi mawu onse, koma ili ndi timapepala totseka mpweya timene timachititsa kuti kalilime kamodzi kokha kazigwira ntchito nthawi imodzi, ndipo kutsetsereka kwake n'kochepa. Chodabwitsa n'chakuti hamonika yosauka ija ya mabowo 10 ndiyo ili ndi mankhwala. Oimba achikuda a nyimbo za blues ku America anatulukira kuti munthu akasintha maonekedwe a m'kamwa mwake, nakokera lilime kumbuyo, mawu amatsika pang'onopang'ono. Chimene chimachitika n'chakuti timalilime tiwiri tokhala m'bowo limodzi timayamba kukokana. Kokwera kamatsikira kumene kuli kotsika, ndipo mtunda umene kangayende umadalira kutalikirana kwa awiriwo. Pa dongosolo la Richter, mawu okoka amapindika kuyambira bowo loyamba mpaka lachisanu ndi chimodzi, ndipo mawu ouzira amapindika kumabowo a kumtunda. Mawu ena onse amakhala ouma.

Ndiye ntchito yeniyeni yosinthira hamonika ku nyimbo za ku China yagona apa. Wosintha ayenera kudzifunsa kuti ndi mawu ati mwa asanu aja amene nyimbo imafuna kuti apindike, kenako n'kupatsa liwu lililonse lotero mnzake wokhala naye m'bowo, wotsikirapo pa mlingo woyenera. Nthawi zina mnzakeyo saimbidwa n'komwe payekha. Ntchito yake ndi kungopereka malo otsikira. Brendan Power yemwe uja, amene anasamukira ku Britain ndipo amakonza yekha zida zake, anatsata njira imeneyi. Anatenga thupi la chromatic n'kuliyala mwatsopano kuti mawu ake azipindika ngati a erhu, nachitcha chidacho AsiaBend, ndipo anajambula chimbale chotchedwa New Chinese Harmonica. Sichinali chinthu chachilendo kotheratu ku makutu a eni nyimbo, pakuti ku Yunnan kuli zida za kalilime monga bawu ndi hulusi zimene oimba amatsetseretsa mawu ake potsegula bowo pang'onopang'ono ndi chala.

Mnzanga wina wa m'kalasi anandifunsa funso limene sindingalinyoze. Anati ngati ukufuna kulira kwa erhu, bwanji osangophunzira erhu? Kuwononga hamonika yabwinobwino kuti itsanzire chida china kuli ngati kuphunzitsa galu kulira ngati mphaka. Mbali ina akunena zoona. Hamonika sidzakhala erhu. Kupinda kwake kumangotsikira pansi pa liwu, ndipo mtunda wake ndi waufupi, pamene chala cha pa erhu chimapita kulikonse. Komanso walira mvula walira matope: hamonika yanga itapeza la wotsika inataya mawu operekezera aja a pouzira, kotero kuti nyimbo zina zimene ndinkaimba kale tsopano zimamveka mwina. Palibe kusintha kopanda mtengo wake.

Koma ine yankho langa lili pa mbiri ya chidachi. Hamonika ili kale m'manja mwa anthu miyandamiyanda, ku China ndi kwina konse, ndipo ana adzapitiriza kuigula chifukwa ndi yotsika mtengo. Nyimbo za makolo zidzaimbidwa pa iyo, kaya tifune kaya tisafune. Zikatero pali njira ziwiri zokha. Mwina nyimbo idzadulidwa kuti ikwane m'chida, kapena chida chidzapalidwa kuti chikwane nyimbo. Njira yoyamba ndi yosavuta, ndipo kuopsa kwake n'kwakuti siipweteka. Mwana amene waphunzira Molihua, nyimbo yotchuka ija ya duwa ya ku Jiangsu, pa chida chosatsetsereka, amakula akuganiza kuti nyimboyo ndi manambala a papepala aja. Palibe amene waba kanthu, koma mbadwo umodzi ukadutsa, zimene zinali pakati pa manambala zimakhala zitapita ndipo palibe wozindikira kuti zasowa.

Ife ophunzira ziyankhulo tiyenera kuzimva msanga zimenezi, chifukwa makolo athu anasankha kale njira yachiwiri. Atalandira zinthu zachilendo sanathyole malilime awo kuti atchule maina ake monga eni ake. Anawapala mainawo ndi tupa ya Chichewa, kuika vawelo pamene panali makonsonanti ogundana ndi kutsekera mawu aliwonse ndi vawelo kumapeto, mpaka tinapeza sukulu, buledi, supuni ndi tebulo. Lero mawu amenewa ndi athu, amalowa m'magulu a maina, amatenga agwirizanitsi, ndipo agogo a kumudzi amawatchula osapunthwa. Mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma ometa ndi eni mudzi. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chizolowezi cha ena a ife ophunzira, choganiza kuti kutchula mawu obwereka mwa Chichewa ndi umbuli. Maganizo amenewo ndi omwe aja a munthu woopa kukhudza hamonika ndi tupa chifukwa inachokera kufakitale ili choncho.

Palinso phunziro lina limene ndinalipeza, lokhudza malire a zolembedwa. Kalembedwe kathu ka Chichewa sikaonetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu, monga momwe jianpu wamba saonetsera kutsetsereka konse kwa erhu. Mwini chiyankhulo amadzaza yekha zimene pepala lasiya, koma wophunzira kuchokera m'buku lokha amatuluka ndi Chichewa chouma. Choncho ngakhale hamonika itakonzedwa bwino chotani, tupa siingalowe m'malo mwa khutu. Chida chikapatsidwa mpata wopinda, woimba ayenerabe kudziwa poyenera kupinda, mlingo wake, ndi liwiro lake, ndipo zimenezi zimaphunziridwa pomvetsera eni ake kwa nthawi yaitali.

Pakali pano ndili ndi mahamonika awiri. Ina ndinaisiya momwe inabwerera, ina ndi ija inadutsa m'manja mwa amalume. Pa yachiwiriyi ndikuphunzira kulifikira re kuchokera pansi, pokoka bowo lachinayi, monga momwe chala chimakwerera pa chingwe cha erhu. Ndimamvera chiganizo chimodzi cha nyimbo kangapo, kenako n'kuyesa, monga timachitira ndi mawu atsopano a Chitchaina. Aphunzitsi athu akuti katchulidwe kanga ka mtundu wachiwiri, uja woyambira pakati n'kukwera, kayamba kumveka bwino kuyambira pamene ndinayamba zimenezi. Tchuthi chikubwerachi ndikufuna kukapempha amalume kuti titsitseko kalilime kouzira ka bowo lachisanu, kuti tione ngati tingapeze mpata wina wopindira.